Malamba a Warren Tebbutt

Lamulo lake ndi lalifupi. Dalaivala akhale m'galimoto atavala zonse, atamangidwa monga amamangidwira tsiku la mpikisano, ndiye woyeza akadina wotchi, atulukemo masekondi asanu ndi awiri asanathe. Azule chiwongolero, amasule malamba, adzikoke m'kamphako momwe amakhala chogona, mapazi onse awiri aponde pansi. Chifukwa chake n'chosachita kufunsa: magalimoto athuwa akagwira moto sadikira munthu. Wolephera sathamanga, ngakhale akhale ndi zikho zodzaza nyumba.

Warren Tebbutt zikho zodzaza nyumba anali nazo. Tsiku loyamba lomwe tinayesa, kumayambiriro kwa Seputembala, zinamutengera masekondi 15.

"Wotchi yakoyo unaitola kudzala," anatero ali wefuwefu, atagwirira tayala lakutsogolo.

"Wotchi ilibe mlandu, akatswiri. Agogo anga ankatuluka m'bafa mwachangu kuposa pamenepa."

"Ndimangenso."

Ndinamumanganso, poti ndiyo ntchito yanga. Dzina langa ndi Clive Marlow, ndipo kwa zaka 19 ndinali makaniko wamkulu pa galimoto ya Warren ku timu ya Pargeter, kuseri kwa Towcester. Anthu amaganiza kuti makaniko wamkulu ndi wa injini. Injini ili ndi eni ake, anyamata a makompyuta osadziwa n'kugwira komwe sipanala. Ine changa ndi kuonetsetsa kuti chilichonse chamangidwa, ndipo chomaliza kumangidwa ndi munthu. M'kamphako muja ndi mopanikiza, zigongono zilibe kolowera, dalaivala sangadzikoke yekha malamba. Ndiye ndimawerama, mutu wanga n'kugundana ndi helemeti yake, n'kulumikiza malamba asanu ndi mmodzi: awiri a m'mapewa, awiri a m'chiuno, awiri odutsa pakati pa miyendo. Ndikatero ndimati, "Tulutsa mpweya," iye n'kutulutsa, ine n'kukoka mpaka asathenso kusuntha.

Ngozi inachitika mu Epulo, pa mpikisano wake wa nambala 199. Matayala athu ali poyera, alibe chowaphimba, ndiye lako likakwera la mnzako pa liwiro lija, galimoto imauluka. Ya Warren inauluka, n'kukatera chammbali pa mpanda. Chiuno chinasweka patatu, mwendo wakumanzere pawiri. Ine ndinaonera pa kanema wa m'galaja, buledi wa nyama yankhumba ali m'manja. Mayi wina wa matayala anakuwa, mnzathu wina anathamangira panja kukasanza. Ine ndinamaliza buledi wanga. Ndinapukuta m'manja, n'kuyamba kulongedza masipanala, iliyonse pamalo pake. Madokotala atanena kuti chamupulumutsa ndi malamba, anthu anayamba kumandisisita pamsana, ine n'kumangoti zikomo. Ndinadikira kuti mwina mtima undipweteka mawa, mwina sabata yamawa, koma unangochita dzanzi ngati mwendo woukhalira.

Mwini timu, Mayi Hazel Pargeter, si munthu wozungulira nkhani. Warren atangotaya ndodo zoyendera anatiitana tonse awiri mu ofesi.

"Mpikisano womaliza chaka chino uli kwathu konkuno, kumapeto kwa Okutobala," anatero. "Lachinayi la sabata imeneyo a Ackroyd, woyeza uja, adzabwera ndi wotchi yawo. Ukakhoza, galimoto ndi yako, uthamange wa 200, utsanzikane ndi anthu ako. Ukalephera, Warren, ine ndilibe pogwira. Ndipo za chaka chamawa tisanamizane, uli ndi zaka 43."

"Zaka zanga ndimazidziwa, abwana."

"Clive, muzimuyeza inu. Muzindiuza momwe zikuyendera."

Kuchoka ku ofesiko kupita ku galaja umadutsa m'khonde momwe muli zikho. Mwambo wa timu ndi woti chikho chenicheni chimatsala kuno, dalaivala amapita ndi chofanizira. Ndiye moyo wonse wa Warren uli m'khonde mmenemo, kuseri kwa magalasi, ndipo mayi woyeretsa amaupukuta fumbi Lachisanu lililonse. Ukatswiri wa chaka chonse anautenga kawiri. Anapambana mipikisano 27. Kuyambira patsogolo pa onse, sindikumbuka kangati, amawerenga zimenezo ndi atolankhani. Chikho cha ukatswiri woyamba n'chopindika mbali imodzi chifukwa tinamweramo mowa, wina n'kuchigwetsa pa masitepe.

Anafika kwathu ali ndi zaka 24, mwana wa wokonza mapaipi wa ku Kettering, wowonda ngati sipoko ya njinga. Tsiku loyamba anadandaula kuti ndikumumanga kwambiri. Ndinamuuza kuti akafuna omanga mofewa abwerere kwa amayi ake. Matimu akuluakulu anamufunapo kawiri, ndipo kachiwiriko anapita mpaka ku Italy kukayeza mpando, n'kubwerako Lolemba akuti khofi wa kumeneko ndi wochepa m'kapu. Chifukwa chenicheni sananene, inenso sindinafunse. Mwezi wa Seputembala uja ndinkadutsa m'khondemo kawiri pa tsiku osamva kanthu, ngati ndikudutsa m'sitolo ya mapoto.

Tinkayesa m'mawa uliwonse, seveni koloko, ena asanafike. Ankabwera naye ndi mkazi wake Nerys, yemwe analanda makiyi a galimoto ya kunyumba chichitikireni ngoziyo. Munthu wopambana ka 27 ankafika atakhala mbali ya pasenjala, chikwama cha helemeti chili pamiyendo. Ndinkamuseka nazo, iye n'kunditukwana, timwe tiyi, kenako ntchito.

Kuyendetsa sikunali vuto. Pa makina oyeserera nthawi zake zinali zomwe zija zakale, ndipo mwendo unkaponda buleki mwamphamvu, bola ukhale wowongoka. Vuto linali kuupinda. Kuti utuluke umayenera kudzikoka ndi manja, kukweza mawondo, n'kudumpha chitsulo choteteza mutu chomwe chimazungulira kamphako. Mwendo wakumanja unkadumpha. Wakumanzere unkafika pachitsulopo n'kuima ngati bulu wokana mlatho, mpaka aunyamule ndi dzanja.

Poyamba nambala zinkatsika bwino: 15, kenako 12, kenako 10 ndi kanthu. Pofika kumapeto kwa Seputembala tinali pa 8.6, ndipo pamenepo zinamera mizu. A mafizo, akatswiri owongola minofu, anamupinda, anamuviika m'madzi oundana, anamubaya masingano. Sabata yathunthu wotchi inkangobwereza zomwezo.

Bodza loyamba ndinanena Lachiwiri. Anatuluka, mapazi pansi, ndinadina. Wotchi inati 8.6. Iye anaima chowerama atagwira mawondo, thukuta likudontha kuchokera m'helemeti.

"Bwanji?"

"7.9," ndinatero, chala changa chachikulu n'kufufuta nambala.

Sindinakonzekere. Sindinganene kuti ndinamumvera chisoni, chifukwa chisonicho sindinachimve. Ndinangotopa ndi kutchula nambala imodzimodzi. Anandiyang'ana pang'ono, anagwedeza mutu, n'kuti, "Ndimangenso."

Vuto la bodza lotere n'lakuti silingakhale malo amodzi, liyenera kumatsika. Ndinamupatsa 7.6 Lachisanu, 7.3 sabata yotsatira. Pakati pa Okutobala ndinatchula 6.9, ndipo mawu anafika ku ofesi tiyi asanazizire. Mayi Pargeter anaitanitsa malaya olembedwa 200, makatoni anayi. Wopenta anabwera kudzalemba nambala yomweyo ndi utoto wagolide pamphuno ya galimoto. Wina anaoda keke. Ine ndinkaona zonsezi wotchi ili m'thumba, n'kumaganiza kuti mwina pofika tsikulo mwendo udzachita manyazi.

Kunabweranso mtolankhani wofuna kulemba mbiri ya Warren, ndipo anandipanikiza ndikutsuka mabuleki.

"A Marlow, inu mwaona zonse. Chachikulu chomwe wachita pa zaka zonsezi ndi chiti?"

Ndinkachidziwa. Chaka cha ukatswiri wachiwiri anagwa pa njinga yakapalasa n'kuthyoka nthiti ziwiri, kutatsala mipikisano itatu. Sanauze dokotala wa timu, sanauze abwana. Anauza ine ndekha, poti malamba ankadutsa pomwepo. Ndinkakoka monga nthawi zonse, iye akuluma gulovu, ndipo iwiri mwa itatuyo anapambana. Zimenezo sizili kuseri kwa galasi lililonse.

"Tsiku la mvula ku Belgium," ndinatero. "Anayambira pa nambala 19, n'kuwadutsa onse."

Anasangalala, poti n'zomwe anali atalemba kale. Ine chomwe ndimakumbuka pa tsiku limenelo n'chakuti Warren anali ndi chimfine, ndipo anandiyetsemulira m'khutu ndikumumanga.

Nerys anandipeza panja m'mawa wina ndikutaya zotsala za tiyi.

"A Clive, akhoza?"

"Akuyesetsa."

"Sindinafunse zimenezo."

"Nambala mwaimva nokha, mlamu."

"Ndaimva." Anasewera ndi makiyi. "Ndikamapemphera ndikumasowa chopempha. Akhoze, ndikaimenso kuseri kwa mpanda uja. Alephere, ndikhale naye m'nyumba ali choncho. Mukanakhala inu mukanasankha chiti?"

"Ine ndimangomanga malamba."

"Amuna inu," anatero, n'kulowa m'galimoto.

Lachitatu tinasamukira kubwalo la mpikisano. Tinatsitsa katundu m'malole, tinayala galaja, kamvula kathu kaja kosanyowetsa koma kosaleka kakuwaza. Masana Warren anabwera ndi tchipisi mapepala awiri, tinakakhala kuseri kwa galaja pa mulu wa matayala akale. Anathira viniga wambiri monga mwa chizolowezi chake, mpaka pepala kubooka.

"8.4," anatero.

"Chiyani?"

"Dzulo. Ulendo wachitatu uja, womwe unati 6.8. Inali 8.4. Woyamba 8.7, wachiwiri 8.6."

Ndinasiya kutafuna. Nambala zonse zitatu zinali zomwe wotchi inandionetsa, osaphonya ngakhale imodzi.

"Mdala, wakalamba zoona," anatero. "Zaka 19 ndakhala ndikukuuza nthawi yanga pa wailesi ndisanadutse n'komwe pa mzere, kompyuta n'kubwera pambuyo kudzavomereza. Kagawo ka sekondi ndimakamva ndi matako angawa. Ndiye iwe n'kumandibisira sekondi yathunthu ndi theka, ndi chala chako chonga sosejicho?"

Zinali zoona, ndipo panalibe munthu wozidziwa kuposa ine. Madalaivala abwino onse ali ndi wotchi m'thupi, koma ya Warren inali yoopsa. Milungu itatu yonseyo ndinali nditaiwala chinthu chomwe ndinkadzitama nacho kwa makaniko a matimu ena.

"Bwanji sunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Ukanatchula 8.6 pamaso pa Hazel akanatiletsa kalekale, galimoto n'kupatsa wina ayambe kuizolowera. Bodza lako landisungira mpando. Ndimayesa ukudziwa chomwe ukuchita." Anandiyang'ana. "Sumadziwa, eti?"

"Ayi."

Anaseka cha m'mphuno, n'kupukuta zala pa buluku.

"Chabwino. Tsono tamvera. Mawa malamba a pakati pa miyendo usawalowetse, ungowapinda pansi pa ntchafu, ndi omwe amandikola. Waya wa wailesi ndi kapaipi ka madzi ungozibisa m'kolala osalumikiza. A m'mapewa usiye mpata wa zala ziwiri. Ndiye pansi panga uikepo kasiponji, ndikwere pang'ono. Ndawerengera, pamenepo pali sekondi ndi theka."

"A Ackroyd…"

"A Ackroyd msana unawatha, sawerama. Ndiponso akukudziwa zaka makumi atatu. Clive akati munthu wamangidwa, ndiye kuti wamangidwa."

"Nanga Lamulungu, pa mpikisano?"

"Lamulungu undimange bwinobwino, ngati kale."

"Ndiye ikayaka?"

"Unaiona liti galimoto yathu ikuyaka?"

"Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Unatuluka wopanda nsidze."

"Koma ndinatuluka."

"Pa masekondi asanu."

"Nthiti zija unandibisira, sunachite makani chonchi."

"Nthiti sizinkakuletsa kutuluka."

Anatola kachidutswa ka tchipisi, anakayang'ana, n'kukabwezera papepala.

"Clive, ine sindikufuna kupambana. Ndikudziwa ndikamaliza wa nambala 12, mwina 14. Koma chomaliza chomwe ndikukumbuka m'galimoto ndi thambo lili pansi, udzu uli kumwamba, kenako anthu akundidula zovala ndi sizasi. Ndikufuna galimoto ndikaiimike ndekha, ndizimitse ndekha, ndituluke ndi miyendo yanga, ngakhale zinditengere mphindi yathunthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi ndi langa, mdala."

"Ndamva," ndinatero.

Iye anatenga ngati ndavomera, ine sindinamukonze. Ndisanaweruke ndinadula kasiponji kaja, kukula kwake ngati buku, n'kukapinda m'thumba la ovolosi.

A Ackroyd anafika Lachinayi teni koloko, chipewa chawo chaubweya chili kumutu, fulasiki ili m'khwapa. Ndi mkulu wa zaka zopitirira 70, woyeza wa bungwe loyendetsa mipikisano yathu, ndipo anamuyezapo Warren akadali ndi ziphuphu kumaso.

"A Tebbutt, ndamva munali pa tchuthi."

"Ndinapita kukaona kumwamba, bwana."

"Achita bwino kukubwezani. Nanga a Marlow, mukadali moyo?"

"Pang'ono."

M'galaja munadzaza. Anyamata a makompyuta anasiya makompyuta awo, Mayi Pargeter anaima pakhomo manja ali m'matumba a jekete, Nerys kumbuyo kwawo. Ena anali atavala kale malaya a 200 mkati mwa majuzi, makolala akuonekera.

Warren analowa pang'onopang'ono, mwendo wakumanzere akuuthandiza ndi dzanja. Ine ndinawerama. Ndinene zoona, ndinali nditaganiza zochita momwe anandipemphera. Ndinadzuka nazo, ndinamwa nazo tiyi, kasiponji kanali m'thumba. Koma manja omwe achita chinthu chimodzi kambirimbiri sadikira mutu. Pomwe ndinkazindikira, malamba apakati anali atalowa m'mphete zake, chotsekera chitalira kuti kha, wailesi italumikizidwa, ndipo pakamwa panga panali patatuluka kale, "Tulutsa mpweya." Nayenso mwa chizolowezi chomwecho anatulutsa. Ndinakoka.

Maso ake anandipeza kudzera pa galasi la helemeti. Ndinaweramuka n'kubwerera m'mbuyo.

"Wamangidwa?" anafunsa a Ackroyd.

"Wamangidwa."

"Mwakonzeka, a Tebbutt? Tiyeni."

Sindinamuonepo akulimbana choncho. Chiwongolero chinatuluka, malamba anagwa, anadzikoka ndi mapewa ngati akufuna kuzula chitsulo chija. Mwendo wakumanja unatuluka, wakumanzere unafika pachitsulo n'kuima. Anaumenya ndi chibakera kuti udutse. Anatera pansi ali dzandidzandi, ndipo mawu omwe anatuluka m'helemeti muja sindikufuna kuwamvanso.

A Ackroyd anayang'ana wotchi nthawi yaitali. Ine ndinali pambali pawo, ndinaona: 8.1. Chiyambire Seputembala anali asanafikepo pamenepo.

Mkuluyo anatsokomola. "Pepani nonse, chala changa chinafulumira kudina. Ukalamba uwu. Tibwereze a Tebbutt akapuma."

Palibe anakhulupirira, palibenso anatsutsa. Wina anabweretsa madzi, Warren anakana ndi dzanja. Helemeti sanavule. Anaima mphindi zingapo atatsamira khoma, kenako anabwerera ku galimoto n'kudzitsitsiramo.

Ndinaweramanso. Mutu wanga unagunda helemeti yake monga nthawi zonse.

"Mdala," anatero motsitsa, mawu oti timve awiri. "Mwina unaiwala, zimachitika. Uwu ndi wachiwiri, wachitatu kulibe."

Ndinayamba kukonza malamba a m'mapewa.

"Clive. Chonde."

Pa zaka 19 liwu limenelo ndinali ndisanalimvepo pakamwa pake. Ankati ndimange, koka, fulumira nkhalamba iwe.

Ulendo uno sindinganamizire manja. Ndinali maso, ndinkadziwa chilichonse. Kasiponji ndinkakamva pantchafu panga. Ndinaona malamba awiri aja atagona pansi pa mpando, ndinadziwa kuti kuwapinda n'kosavuta kuposa kuwalowetsa, ndiponso kuti a Ackroyd akuyang'ana dala kudenga. Aliyense m'galajamo ankafuna ndiwapinde, ngakhale omwe sankadziwa kuti malambawo aliko. Ndisakunamizeni kuti ndinaganiza zakuya. Sindinaone moto m'maganizo, sindinaone maliro. Ndinangodziwa kuti Lamulungu, akakaima pa mzere woyambira, womaliza kumugwira ndidzakhala ine, ndipo ndidzachoka pamenepo ndikuidziwa nambala yeniyeni.

Ndinatenga lamba wakumanzere n'kumulowetsa m'mphete. Ndinatenga wakumanja. Ndinachita pang'onopang'ono, kuti asadzaganize kuti ndinaiwalanso. Ndinalumikiza wailesi, ndinalumikiza kapaipi ka madzi.

"Tulutsa mpweya."

Sanatulutse. Anausunga, chifuwa chitatupa, kuti malamba asiye mpata. Ndinadikira. Munthu sangasunge mpweya mpaka kalekale, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Utangotuluka ndinakoka.

"Wamangidwa?" anafunsa a Ackroyd, maso akadali kudenga.

"Wamangidwa."

"Mwakonzeka, a Tebbutt?" A Ackroyd anakweza wotchi. "Tiyeni."

Wotchi inalira. Warren sanasunthe. Manja onse awiri anali pa chiwongolero, pomwe amakhala akamayendetsa, maso ali kutsogolo, kupyola khomo la galaja, komwe msewu wonyowa unkaonekera. Masekondi asanu ndi awiri anadutsa, ndinawawerenga mumtima. Anadutsa khumi, makumi awiri. M'galaja yoyandikana nafe wina ankamanga tayala ndi makina a mpweya. Mayi Pargeter anatulutsa dzanja m'thumba, n'kulibwezeramo. A Ackroyd anazimitsa wotchi mwakachetechete, anaiika m'thumba la malaya osalemba kanthu, kenako anavula chipewa.

Patapita mwina mphindi ziwiri Warren anakweza galasi la helemeti. Sanandiyang'ane.

"Wamanga ndiwe," anatero. "Masula."

Dalaivala amadzimasula yekha. Chotsekeracho chili pamimba pake, n'chake, ndipo munthu wina sachimasula pokhapokha mwiniwake atakomoka kapena atafa. Ndinawerama n'kuchitembenuza, malamba onse anagwa. Ndinazula wailesi, ndinazula kapaipi, ndinachotsa chiwongolero, iye n'kuchisiya mosavuta. Kenako anakweza mikono ngati mwana wofuna kuvulidwa juzi. Ndinamugwira m'khwapa n'kumukoka. Mwendo wakumanzere unakola pachitsulo, ndinaunyamula ndi dzanja langa n'kuudutsitsa.

Ataima, anachotsa manja anga pathupi pake, limodzilimodzi, mopanda ukali. Anadutsa pakati pa anthu akutsimphina, helemeti ikadali kumutu, Nerys n'kumutsatira. Wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, anaona kuti ali yekha, n'kusiya.

Papita zaka zitatu. Mabuku a mipikisano amati Warren Tebbutt anathamanga ka 199 ndipo anasiya chifukwa cha chiuno, ndipo iye sanauzepo munthu zina. Akanandipatsa ulendo wachitatu ndikanakokanso, koma kudziwa zimenezo sikunandithandizepo ngakhale tsiku limodzi. Ndimamusowa, basi.

Timakumana apo ndi apo m'sitolo ku Towcester, iye ndi basiketi yake, ine ndi yanga. Amayenda bwino tsopano, ukapanda kudziwa sungaone. Amaima, amandipatsa dzanja, n'kufunsa, "Muli bwanji, a Marlow?" Ndikamayankha amadikira mwaulemu kuti ndimalize, kenako amapita kukasankha mkaka.